Kabuleta Yobwereka

Ndiyambe ndi kupepesa. Ine si mlembi, ndipo eni ntchito yolemba akaona izi mwina adzafunsana kuti ameneyu walowera khomo liti. Ndimaphunzitsa masamu, ndipo zonse zimene ndalembapo mpaka lero ndi za pa bolodi, zimene mwana amafufuta belu likangolira. Ndipepesenso kwa achemwali anga, chifukwa nkhaniyi ndi yawo. Nditawapempha chilolezo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Lemba, bola usandikongoletse." Ndayesetsa kusawakongoletsa. Pamene sindinaone ndi maso anga, ndanena kuti ndinachita kumva.

Achemwali amagwira ntchito pa kauntala m'shopu yogulitsa ndi kukonza makina a panja: majenereta, mapampu a madzi, makina otchetchera udzu ndi makina ochekera mitengo. Shopuyo ndi chipinda chachitali chopapatiza. Kutsogolo n'kowala. Makina atsopano apachikidwa kukhoma, ofiira ndi achikasu, ena akadali ndi pulasitiki pa zogwirira. Pakati pali kauntala ya galasi, m'kati mwake muli mapulagi, matcheni, zingwe zolizira injini ndi timabotolo ta oyilo. Kuseri kwa kauntalayo kuli chitseko chachitsulo, ndipo kuseri kwa chitsekocho ndi kumene kumagona makina a anthu, odikira masipeya. Makasitomala salowako.

Anayamba ntchito kumeneko banja lawo litangotha, mwana ali kumsana. Poyamba ankasesa ndi kupukuta fumbi. Tsiku lina, monga amafotokozera okha, munthu amene ankakhala pa kauntala anathawa kasitomala wokwiya, kudzera pa chitseko chachitsulo chija, ndipo sanabwererenso. Amene anatsala pamaso pa kasitomalayo ndi achemwali, tsache lili m'manja. Anangomumvetsera mpaka mawu anamuthera yekha. Abwana ataona zimenezo anati, "Kuyambira mawa tsache ulisiye."

Mukawafunsa ntchito yawo amati amagulitsa. Koma ine ndikuona kuti ntchito yawo yeniyeni ndi kuima pakati pa munthu ndi makina ake. Masipeya amachokera kutali. Amene amaitanitsa ndi abwana, ndipo abwanawo amadikira kuti zosowa zichuluke kaye kuti aitanitse kamodzi. Iwo kutsogolo saonekaoneka. Amakanika nawonso amati iwo amalankhula ndi zitsulo, osati ndi anthu. Choncho munthu akabwera kudzafunsa za sipeya yake, nkhope imene amaipeza ndi ya achemwali, ndipo mawu amene anapatsidwa oti aziyankha ndi akuti, "Ili m'njira." Anawanena mpaka anasanduka dzina lawo. Mu msewu wonsewo, kuyambira owotcherera zitsulo mpaka ogulitsa matayala, amawatchula kuti mayi a Ili-m'njira.

Dzinali amaseka nalo, koma limawalemera. Kumsika akaona kasitomala patsogolo amakhotera mzere wina, ngakhale zimene akufuna zili kumene kuli munthuyo. Foni yawo imagona chafufumimba patebulo. Nthawi ina mwana wawo, akadali wamng'ono, anandandalika miyala pakhonde n'kumauza chidole chake kuti, "Pepani bambo, ili m'njira." Tonse tinaseka. Achemwali anasekanso, kenako anakankha mbale yawo n'kunena kuti akhuta.

M'shopumo munalinso chizolowezi china, chimene ine ndinachidziwa mochedwa. Amachitcha kubwereka. Tinene kuti makina a munthu wina agona kuseri, akudikira sipeya imene sifika msanga. Ndiye kwabwera munthu wachiwiri ndi makina a mtundu womwewo, ovuta malo ena. Amakanika amamasula chofunikacho pa makina a woyamba uja n'kuika pa a wachiwiri, amene amapita kwawo akuyamikira kuti shopu iyi ndi yachangu. Amati katundu akafika abwezera zonse, ndipo mwini makina ogonawo sadzadziwa kanthu. Nthawi zambiri zimathekadi choncho. Ndikufuna ndinene mwachilungamo kuti sankaona ngati n'kuba. Amakanika ankati, "Makina ogona safuna kabuleta."

Tsiku limene ndikufuna kufotokoza linali Lachisanu, m'nyengo ya mvula. Udzu wa pabwalo la sukulu yathu unali utafika m'mawondo, ndipo makina otchetchera anali atakana kulira. Ahedi anandiitana n'kunena kuti, "Si inu muli ndi achemwali ku shopu ya makina kuja? Pitani nawo, atichitire changu." Ine ahedi ndimawaopa, sindibisa. Ndinanyamula makinawo paphewa n'kupita.

"Aphunzitsi afika," anatero achemwali atandiona. "Lero mwathawa ana?"

"Andituma."

"Iwe sunabwerepo kuno osatumidwa. Khala apo."

Amakanika anatuluka, munthu wamfupi wa manja akuluakulu, anakoka chingwe kangapo, anamasula pulagi n'kuyang'ana. Anati vuto ndi koyilo, kachipangizo kopereka moto ku pulagi. Ndinafunsa ngati ilipo. Anatsinzina diso limodzi n'kuti, "Inu ndi a pakhomo. Mawa lomweli mudzawatenga akulira." Mtima unakhala pansi, ndipo ndinakhala pa benchi ya makasitomala kudikira kuti mvula ikate.

Ndili pamenepo munalowa bambo wina wamsinkhu, wowonda, wovala jombo zazitali ndi jekete lonyowa m'mapewa. Achemwali anandiuza pambuyo pake kuti ndi wocheka mitengo, kasitomala wawo wakalekale, munthu wosakweza mawu. Makina ake anali atagona kuseri milungu yambiri, akudikira kilatchi, chipangizo chimene chimachititsa kuti tcheni izizungulira injini ikalira.

"Mayi a Ili-m'njira," anatero akumwetulira, "lero musavutike kuyankha. Njira ija ndaiyenda ndekha."

Anatulutsa kaphukusi ka nyuzipepala m'jekete n'kukamasula pa galasi. Munali kilatchi, yakale koma yooneka yamoyo. Anati anaisaka m'misika ya zitsulo zakale mpaka nsapato zinamudandaula. Kenako anafotokoza chimene chinamuyendetsa. Anali atapeza ntchito yaikulu, yogwetsa mitengo pamalo pamene akufuna kumanga nyumba zosungiramo katundu. Kapitawo wa pamalopo anamuuza kuti Lolemba m'mawa akufuna kumva makina akulira, apo ayi aitana munthu wina. Ndipo kapitawoyo anali ndi malo enanso kutsogolo.

"Ndakhala manja lende nyengo yonseyi," anatero. "Amayi akunyumba ayamba kundifunsa ngati makina aja ndinagulitsa. Ingoikani iyi, ndidikira pompano."

Ndinaona achemwali akugwira m'mphepete mwa kauntala ndi manja onse awiri. Ndimawadziwa. Ankagwira choncho tebulo la kunyumba akalandira uthenga woipa. Anati, "Khalani kaye pa benchi, bambo," ndipo analowa kuseri ndi kilatchi ija.

Chitseko sichinatsekeke bwino, ndipo ine ndinali kumapeto kwa benchi, pafupi nacho. Bambo aja anakhala mbali inayo, pafupi ndi khomo la kumsewu, kumene mvula inkasokosera pa malata. Ndikukhulupirira kuti sanamve zimene ine ndinamva.

"Wabweretsa yekha?" anatero amakanika. "Ndani anamuuza kuti azisaka masipeya?"

"Kabuleta yake ili kuti?" anafunsa achemwali.

"Mukudziwa kumene ili."

Kabuleta ndi kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya. Popanda iyo injini silira, ngakhale zina zonse zikhale zatsopano. Ya bambo aja anali ataibwereka.

"Kamuuzeni kuti kilatchi wabweretsayi si ya makina ake," anatero amakanika.

"Ndi yake. Mwaona nokha kuti yalowa."

"Ndiye kamuuzeni kuti titatsegula tapeza kabuleta nayo yafa."

"Anabwera nawo akulira. Iyeyo ndi mwana?"

Kenako achemwali anatuluka, anakoka mpando n'kukwera, n'kutsitsa makina ochekera atsopano amene anapachikidwa pamwamba penipeni, a mtundu womwewo. Ndinathamanga kukawalandira. Bambo aja anaseka. "Mukundipatsa atsopano, mayi?"

"Tikufuna tifanizire kanthu," anatero achemwali, osawayang'ana.

Ndinawanyamulira mpaka kuseri, ndipo kanali koyamba kulowako. Makina a anthu anali ndandanda pansi ndi pa mashelefu, ena otsegula mimba, ena ovundikiridwa ndi masaka, fungo la petulo wakale lili thoo. Achemwali anauza amakanika kuti amasule kabuleta ya makina atsopanowo, za abwana aziona okha. Amakanika sanasunthe. Anangokanda kumutu ndi sipanala. Achemwali anatenga sikuludalaiva okha n'kutsegula chivundikiro. Pamalo pa kabuleta panali dzenje, timapaipi tiwiri tili lendelende.

"Kuyambira liti?"

"Kalekale. Inapita kwa mnzawo wa abwana."

"Ndiye ine ndakhala ndikupukuta chigoba tsiku ndi tsiku, n'kumauza anthu kuti awa ndi amphamvu?"

"Amphamvu ndithu," anatero amakanika. "Angosowa kabuleta."

Palibe anaseka. Achemwali anaimbira abwana. Mawu a abwana ankamveka ngakhale kwa ine: amuuze kuti yafa, taitanitsa kale, ili m'njira. Za kubwereka asazitchule, chifukwa zikatuluka mumsewu palibe adzasiyenso makina pano. Achemwali anati, "Ndamva," n'kudula foni. Anaima pang'ono, akuyang'ana pansi. Ndinafuna kunena kanthu, koma zonse zimene zinabwera m'mutu mwanga zinali zoti achite zimene abwana anena, chifukwa ntchito ndi yosowa ndipo ali ndi mwana. Sindinanene.

Anatuluka, ndipo sanaime kuseri kwa kauntala. Anazungulira n'kukaima pamaso pa bambo aja.

"Bambo, kilatchi yanu ndi yabwino, yalowa. Koma makina anu salira lero. Kabuleta yanu tinaichotsa, tinaika pa makina a munthu wina."

Bambo aja anawayang'ana ngati alankhula chinenero chachilendo. "Munaichotsa? Inavuta?"

"Sinavute. Tinaibwereka, poganiza kuti ibwera yatsopano inu musanaifune."

"Munabwereka kwa ndani?"

"Kwa inu."

"Ine ndinali kuti pamene munkandibwereka?"

Bambo aja anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati, n'kuchivalanso. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangofunsa pang'onopang'ono kuti, "Ndiye Lolemba ndikanena chiyani?"

"Ndipatseni mpaka madzulo. Ndikaisaka."

Anatenga ambulera, anandikodola, tinatuluka. Sindinawaonepo akuyenda mofulumira choncho. Tinatsika ndi msewu wa mashopu a zitsulo, tikudumpha zithaphwi, iwo atagwira chivundikiro cha makina aja m'manja kuti asachite kufotokoza mtundu. Shopu yoyamba anatiseka: "Mayi a Ili-m'njira afika okha, ndiye kuti njira yatsekeka." Analibe. Yachiwiri anatulutsa kabuleta yonyezimira m'kabokosi kopanda dzina. Achemwali anaitembenuza, anayeza mabowo ndi chala, n'kuibweza. Wogulitsayo anati amakanika wanzeru akhoza kuikakamiza. Achemwali anati munthu amakhala pansi pa mtengo ukugwa, safuna injini yokakamiza. Tinafika mpaka kwa anthu ogulitsa zitsulo zakale, amene amayala katundu pa matumba m'mbali mwa ngalande. Mmodzi anati anali nayo, anaigulitsa mwezi watha. Wina anati tibwere sabata yamawa, ili m'njira. Achemwali anamuyang'ana, munthuyo anazindikira amene akulankhula naye n'kuyang'ana kumbali.

Pobwerera anachepetsa liwiro. Siketi yawo inali itanyowa mpaka m'mawondo.

"Achemwali, bwanji osangokaitenga kwa amene munamuikira uja?"

"Ukudziwa kuti ndi ndani?"

"Ayi."

"Mlamu wa bambo omwe aja. Mchimwene wa mkazi wake. Anachita kumubweretsa yekha m'shopu mwathu, n'kumusankhira makina ofanana ndi ake kuti azithandizana matcheni."

Anandiuza kuti mlamuyo anayamba ntchito yocheka mitengo posachedwa, ataphunzira kwa bambo omwewo, ndipo nyengo yonse imene makina a bambo aja anagona, ntchito zambiri za m'deralo zinkapita kwa iye. Ndinawerengera mumtima, monga mwa chizolowezi changa, ndipo yankho lake silinandisangalatse: mitengo imene bambo aja akanadula inkadulidwa ndi kabuleta yawo yomwe.

Tinawapeza ali pa benchi pomwe tinawasiya. Achemwali anawauza kuti yasowa, kenako anawauza kumene kuli yawo. Bambo aja anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano, n'kunena kuti, "Muimbireni."

Mlamuyo anafika dzuwa litapendeka, pa njinga yamoto, utuchi uli m'tsitsi ndi m'makutu, makina ake atawamangirira kumbuyo. Anali munthu wansangala, wa mawu akulu. Analowa akuseka.

"Alamu, mwasamukira kuno? Achemwali anga, akazi anu, akuti kunyumba mumangodya n'kugona ngati mphaka."

"Khala pansi."

"Ndikhale pansi ine? Ndasiya mtengo uli pakati, ukundidikira."

Achemwali anafotokoza zonse kachiwiri, mawu omwe aja, osachotsa kapena kuwonjezera. Mlamuyo anamvetsera, kumwetulira kukuchepa pang'onopang'ono.

"Ndiye n'chifukwa chake akulira bwino chonchi," anatero. "Ndimadabwa."

"Masula," anatero bambo aja.

"Alamu, dikirani kaye. Ine ndinabweretsa makina ofa, ndinalipira, anandipatsa amoyo. Sindinabe kanthu."

"Sindinati waba. Ndati masula. Ndi yanga."

"Nanga yanga ili kuti?" Anatembenukira kwa achemwali. "Mayi, yanga yakale ija ilipo?"

Amakanika anayankha ali pa chitseko kuti ilipo, koma inang'ambika, singagwirenso ntchito.

"Mwamva? Ndikamasula, ogona ndine. Ndili pakati pa ntchito ya munthu, nthambi zili pa denga lake. Ndikamuuze chiyani, kuti alamu anga alanda?"

"Amene anakuphunzitsa kugwira makina ndani?"

"Ndinu. Ndipo munandiphunzitsanso kuti ntchito ya munthu sasiyira pakati."

Anakangana nthawi yaitali, koma motsitsa mawu, monga amachitira anthu amene akudziwa kuti akakumananso pakhomo limodzi. Achemwali anaima pakati pawo manja ali kumbuyo. Kawiri konse mlamuyo anawafunsa kuti, "Inuyo mukuti ndi ya ndani?" Koyamba sanayankhe. Kachiwiri anati, "Ndi ya bambowa. Koma wolakwa si inu, ndi ife." Mlamuyo anati yankho limenelo silidula mtengo.

Pomaliza anaimirira n'kukunkhumula utuchi pa thalauza. "Chabwino. Mawa ndi mkuja ndimaliza kwangako. Lolemba tipitire limodzi kwa kapitawo wanuyo. Ntchito ndi yanu, makina ndi anga."

"Undibwereke makinawo, ndipite ndekha."

"Ayi, alamu. Makina anga sagwira munthu wina. Zimenezonso munandiphunzitsa ndinu."

"Ndiye ine ndikatani kumeneko?"

"Mukaloza mitengo. Mukagwira chingwe. Zonse mumazidziwa kuposa ine."

Bambo aja sanavomere ndipo sanakane. Mlamuyo atachoka, anapempha makina awo. Amakanika anawatulutsa, kilatchi yakale ija ili m'malo mwake, chivundikiro chili padera. Bambowo anayang'ana dzenje la kabuleta, analowetsamo chala, kenako anapempha kansanza n'kutseka bowolo kuti musalowe fumbi. Anaika zonse m'thumba la saka.

"Bambo," anatero achemwali, "yatsopano ikafika ndidzabwera nayo ndekha kwanu. Simudzalipira."

"Ifika liti?"

Ndinaona milomo ya achemwali ikuyamba kupanga mawu a masiku onse aja, kenako inaima. "Sindikudziwa."

"Zikomo," anatero bambo aja. "Aka n'koyamba kumva zimenezo muno." Ananyamula thumba paphewa n'kutuluka.

Za Lolemba ndinachita kumva, kwa achemwali, amene nawonso anamva kwa wowotcherera zitsulo woyandikana ndi bambo aja. Akuti anapitadi limodzi. Kapitawo anamva makina akulira pa nthawi yake. Mlamuyo ankadula, bambo aja ankakoka chingwe ndi kunyamula chigubu cha petulo. Ntchito inayenda bwino, mitengo inagwa kumene inayenera kugwera. Potsiriza kapitawo anayamikira onse awiri, koma nambala ya foni imene anatenga ndi ya amene anagwira makina. Malo otsatira aja anaitanidwa mlamuyo yekha. Wowotcherera uja akuti pakhomo pa bambowo masiku ano mayi amadya ndi ana, bambo amadya okha, chifukwa mayiwo anati mchimwene wawo sanalakwe.

Abwana anamva kuti achemwali anaulula. Anabwera Loweruka, anatseka chitseko chachitsulo, ndipo amakanika akuti mawu ankamveka mpaka kwa ogulitsa matayala. Sanawachotse ntchito. Achemwali amati si chifundo ayi, n'chifukwa choti palibe wina angaime pa kauntala imeneyo n'kufika masana. Koma anawachenjeza kuti zikachitikanso, tsache lija likadalipo. Kubwereka sikunathe. Chimene chinasintha n'chakuti tsopano munthu akabweretsa makina ofuna sipeya yakutali, achemwali amawerama pa galasi ngati akumuonetsa pulagi, n'kumunong'oneza kuti, "Tengani makina anu mukasunge kwanu. Ikafika ndikuimbirani." Ena amamva. Ena amakwiya, amati mayiwa akukana ntchito. Tsiku lililonse amatero akuyang'ana chitseko, kuopa kuti abwana atulukira, ndipo madzulo akafika kunyumba amakhala kaye pa mpando osavula nsapato.

Kabuleta yatsopano inafika mitengo yonse ija itagwa kale. Anapita nayo okha monga ananenera. Ndinawafunsa kuti anakawalandira bwanji. Anati anawapatsa mpando, anawapatsa madzi, anaitenga n'kuthokoza. Sanabwerenso ku shopu.

Tsopano za makina a sukulu. Lachisanu lija, bambo aja atatuluka, amakanika anandigwira pamkono n'kundiuza kuti ndisadandaule, zanga zili bwino, mawa ndidzawapeza akulira. Ndinawafunsa kuti koyiloyo ichokera kuti. Analoza ndi chibwano makina otchetchera amene anatsamira pakona, chogwirira chake chokulungidwa ndi nsalu ya maluwa. Achemwali anati ndi a mayi wina amene amatchetcha m'mabwalo a anthu, akudikira giya ya kumutu. Ndinati, "Dikirani kaye, musawakhudze, ndikuuzani." Ndinaganiza kuti ndikagona ndidzuka ndi yankho.

Sindinawauze mpaka lero. Makina a sukulu akadali kuseri kuja, ndipo ndikudziwa bwino chimene chimachitikira makina ogona kumeneko. M'mawa uliwonse ahedi amaima pa khonde, amayang'ana udzu, kenako amayang'ana ine. Ndakhala ndikuwayankha kuti akukonza. Dzana mwana wa kalasi yanga anaona njoka pafupi ndi mpope, ndipo ahedi anandifunsa pamaso pa aphunzitsi anzanga ngati achemwali anga alikodi ku shopu kuja kapena ndinangodzitama. Ndinaseka nawo. Ndikudziwa kuti foni imodzi kwa amakanika ikhoza kuthetsa zonsezi mawa masana asanafike, ndipo mayi wa nsalu ya maluwa uja mwina sangadziwe n'komwe.

Sindiimba. Mawa ndikaweruka ndipita kukatenga makinawo momwe alili, ndikawatsekere m'chipinda cha zipangizo kusukulu. Kenako ndigogoda kwa ahedi, ndiwauze kuti koyilo kulibe, tsiku lofika silikudziwika, ndipo sindilola kuti atiikire ya munthu wina. Ndiwapempha kuti tigule zikwakwa, kapena tilembe anthu otchetcha ndi manja, ndipo Loweruka ndidzayamba ndine, kuyambira pa mpope paja. Akhoza kundinena kuti ndine wopanda ntchito. Mawu oyamba ndawakonza kale, ndipo ndikalowa ndiwanena ndisanakhale pansi, chifukwa ndikakhala ndimayamba ndi kupepesa.